Tsiku Limene Tinakatenga Amayi pa Galimoto Yotangadza

Tinanyamuka pa Chiringa kunja kukadali mbuu, chifunga chitaphimba phiri la Michesi mpaka m'munsi. Unali mwezi wa Julaye, ndipo kuzizira kwake kunali kolowa m'mafupa. Ine ndinadzikulunga zitenje ziwiri, koma amuna anga, bambo a Yami, anatuluka ndi shati yokha n'kuyamba kuzungulira galimoto ngati akuiona koyamba. Amati akaima kutsogolo n'kupendeketsa mutu, amapita kumbuyo n'kukapendeketsanso.

"Mayi a Yami, tabwerani muone mmene yaimira."

"Ndinaiona dzulo. Tiyeni tizipita."

Ulendo wathu unali wokatenga amayi anga kumudzi, kufupi ndi nyanja ya Chilwa, n'kupita nawo kuchipatala ku Migowi. Amayi anachita ng'ala m'maso onse awiri, moti ankangosiyanitsa usana ndi usiku basi. Madokotala a maso ochokera ku Blantyre anali atabwera sabata imeneyo, ndipo tsikuli linali lomaliza. Anatiuza kuti wodwala afike dzuwa lisanafike paliwombo, akachedwa adzadikire ulendo wina, umene palibe ankadziwa kuti udzakhalako liti. Vuto lalikulu linali amayi eni akewo. Kawiri konse anakana kupita, ati anamva kuti kuchipatala amakolowola maso a munthu n'kuikamo a mbuzi. Ulendo uno anavomera chifukwa mnzawo wa kumvano anabwerako akuona mpaka kulowetsa ulusi pa singano. Ndinkadziwa kuti tikaphonya tsikuli, amayi adzafa asanaonenso nkhope ya munthu.

Za galimotoyo ndifotokoze pang'ono. Ndi kagalimoto kakang'ono kogula kwa munthu, kotsika mimba, kamene bambo a Yami anakapeza atagulitsa nandolo chaka chimene mitengo inakwera. Ankakakonda kuposa mmene ndinganenere pagulu. Koma panali chinthu chimodzi chinkawadya mumtima: matayala ake anali obisala m'kati mwa madigadi, malata aja ophimba pamwamba pa tayala, ndiye anzawo a pa bawo ankati galimoto ya bambo a Yami imayenda mwamanyazi ngati mkwatibwi. Sabata imeneyo anapita ku Limbe n'kubwerako ndi zitsulo zinayi zozungulira ngati mbale, zokhuthala ngati zala ziwiri, zokhala ndi mabauti akeake. Amati masipesa. Amazimanga kumene kumakhala tayala, kenako tayalalo n'kulimangirira pamwamba pake, ndiye limatulukira kunja. Makaniko wa pa Chiringa anawamangira zonse zinayi, galimoto n'kutangadza ngati munthu amene wakhuta ndipo akufuna aliyense adziwe.

"Ikakhala yotambalala chonchi siyendera mbali pokhota," anatero bambo a Yami poliza injini. "Ndachitira chitetezo cha banja."

Ndakhala nawo zaka zambiri, ndimadziwa kuti akatchula chitetezo cha banja ndiye kuti pali chimene chawasangalatsa iwowo.

Msewu waukulu tinayendamo pang'ono chabe, kenako tinakhotera kumpoto, njira ya fumbi yolowera cha ku Nambazo. Ndisaname, galimoto inkayenda bwino. Tinali awiriwiri, kumbuyo kulibe kanthu, ndipo bambo a Yami ankachedwetsa dala tikafika pamene pali anthu. Pa kamsika kena tinaima kuti tigule mafuta a m'zigubu, poti pa filing'i panali pouma kuyambira Lolemba. Wogulitsayo anathira malita asanu kudzera m'botolo lodula pakati lokhala ndi kansalu kosefera, kwinaku maso ali pa matayala.

"Bwana, galimotoyi inachita ngozi?"

"Ngozi yanji?"

"Miyendoyi ikuoneka ngati yaguluka."

"Ndi masipesa amenewo, achimwene. Za m'tauni."

"Oo. Ndiye kuti m'tauni misewu ndi yotakata."

Ine ndinagula mbatata yootcha ya K500 kwa mayi wina amene ankaotha moto wake womwewo, n'kubisa kuseka kwanga m'chitenje.

Kuchoka pamenepo dziko limayamba kutsetsereka pang'onopang'ono mpaka kusanduka chigwa chopanda malire. Minda ya nandolo ndi chinangwa inatha, tinalowa m'madambo a mpunga. Anthu anali atakolola kale, m'minda mutangotsala ziputu ndi milu ya mapesi, ng'ombe zikudya mmenemo. Tinkakumana ndi njinga zochokera kunyanja, iliyonse itasenza dengu la matemba lalikulu kuposa mwini wake, ndipo pa njira yopapatizayo aliyense ankayenera kutsika n'kulowa m'udzu kuti tidutse. Ena ankatipatsa moni, ena ankalankhula zina zimene ndinasangalala kuti galasi linali lotseka.

Tinafika kumudzi dzuwa litangoyamba kutentha pamsana. Amayi anali atakhala kale pamkeka pakhonde, atavala chilundu chawo chatsopano, ndodo ili pambali. Nditawagwira dzanja anandisisita mkono mpaka paphewa, mmene ankachitira chiyambire vutoli, kuti atsimikize kuti ndine.

"Jeneti, wabwera ndi apongozi?"

"Eya, amayi. Ali uko pansi pa mango."

Kwathu mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana, sakhalirana pafupi, ndipo salankhulana mwachindunji. Ambiri masiku ano anazisiya, koma amayi anazigwiritsa, ndipo bambo a Yami anazilandira kuyambira tsiku la chinkhoswe. Yami wathu ali ku sekondale tsopano, koma anthu awiriwa anali asanauzanepo ngakhale kuti kwazizira. Mawu onse ankadutsa mwa ine. Amayi anati ndiwafunse apongozi ngati ayenda bwino. Ndinatembenuka n'kufunsa, ngakhale anamva okha. Iwo anati ndiwauze apongozi kuti ayenda bwino, kaya iwo adzuka bwanji. Ndinatembenukanso. Ntchito imeneyi ndaigwira zaka zonsezi popanda malipiro.

Kenako anatulukira amayi aang'ono, a Felesiya, mng'ono wawo wa amayi, amene ankapita nafe kukawadikirira kuchipatala. A Felesiya Mulungu anawadalitsa ndi thupi, ndipo sakhulupirira kuti munthu angapite kuchipatala n'kubwerako msanga. Anatulutsa mtolo wa nkhuni, mbaula, mapoto, ndowa, mphasa ziwiri, thumba la makaka ndi ufa wokwana maliro. Zonsezi zitalowa m'galimoto, amayi anaitana anthu awiri amene anabwera atanyamula matumba awiri a mpunga wosapuntha.

"Awa ndi a apongozi," anatero amayi. "Uwauze kuti ndathokoza pondikumbukira. Ndalima ndi manja a ena, koma mpunga ndi wanga."

Ndinawayang'ana bambo a Yami. Iwo anayang'ana matumbawo, n'kuyang'ana matayala a kumbuyo. Mphatso ya apongozi sikanidwa, ndipo ngakhale ikanakhala yokanidwa, pakamwa pokanira analibe. Anawomba m'manja mwaulemu n'kutsegula buti. Thumba limodzi linalowa m'buti, lina analigoneka pampando wakumbuyo pakati pa amayi ndi a Felesiya. A Felesiya atakhala, galimoto inachita ngati yagwada.

Tinanyamuka anthu akutibayibitsa, amayi akupemphera chapansipansi m'Chilomwe. Pa bampu yoyamba penipeni tinamva kuti khwee! kumbuyo, ngati munthu wang'amba nsalu yatsopano. Pa bampu yachiwiri kunamveka khwee! mbali zonse ziwiri.

"Jeneti, n'chiyani chikulira?"

"Ndi msewu, amayi."

"Msewu umenewu ndauyenda ndisanakubereke. Sunalirepo."

Bambo a Yami anachepetsa liwiro mpaka njinga zinayamba kutipitirira. Sizinathandize. Njira ya kudambo ndi mabampu okhaokha, matope a dzinja atauma mmene ng'ombe ndi ngolo zinawapondera, ndipo paliponse pamene galimoto yanyonyomala, kulira kuja kunkabwera. Posakhalitsa m'galimoto munadzaza fungo la mphira wopserera. Titadutsa kamsika kena kokhala ndi chigayo, n'kuyenda mtunda pang'ono, anaimika pambali pa njira n'kutsika. Ndinawatsatira.

Zinali zoonekeratu ngakhale kwa ine amene sindidziwa za galimoto. Kale tayala linkati galimoto ikalemedwa, limalowa m'kati mwa madigadi n'kubisala bwinobwino. Tsopano linali litatulukira kunja, ndiye mlomo wa madigadi unkatsikira pa tayala penipeni n'kumalisenda ngati mpeni pa chinangwa. M'mbali mwa matayala onse awiri a kumbuyo munali mzere wokumbika, tizidutswa ta mphira titamatirira pa chitsulo. Ndinagwirapo, panali potentha.

"Tikapitiriza, liphulika tisanafike pa tala," anatero motsitsa mawu.

"Ndiye titsitse mpungawo."

"Tiusiye pamsewu? Mpunga wa apongozi?"

"Nanga titsitse a Felesiya?"

Sanaseke, ndipo inenso sindinkaseka. Ndinayang'ana dzuwa. Linali litakwera ndithu, ndipo Migowi anali kutali. Mtima wanga unawawa kwambiri, ndinawauza mawu amene sindingawalembe pano, okhudza anzawo a pa bawo ndi mkwatibwi wawo uja. Anangoti, "Ndamva, mayi a Yami," n'kuyamba kutsitsa katundu kuti apeze jeke. Anati achotsa masipesa a kumbuyo okhawo, sizitenga nthawi.

Tinawatsitsa amayi n'kuwakhazika pamphasa pansi pa mtengo wa mthethe. Jeke inkamira mumchenga mpaka titaika chikuni cha a Felesiya pansi pake. Tayala linachoka bwinobwino. Koma manati omanga sipesayo anali obisika m'timaenje, ndipo sipanala ya matayala inali yonenepa mutu, sinkalowamo. Anayesa mbali iyi, anayesa mbali iyo, anaigogoda ndi mwala. Makaniko uja anamangira ndi sipanala yake yopyapyala, ndipo palibe anaganiza zoti tsiku lina zidzafunika kumasulidwa kutchire.

Kunadutsa wakabaza wopanda munthu. Bambo a Yami anamuimitsa, anagwirizana K1,000 kupita ndi kubwera, n'kukwera kubwerera kuchigayo kuja kukabwereka sipanala. Ndinawaona akuzimiririka m'fumbi, bambo a galimoto yotangadza atakhala pa kaliyala, miyendo ili lendelende.

Atangochoka, amayi anandiitana.

"Jeneti, khala apa. Galimoto ija sinalire pobwera?"

"Sinalire."

"Yayamba kulira nditakwera ine."

"Amayi, ndi katundu wachuluka."

"Usandinamize poti sindiona. Chinthu chopanda moyo chikalira pa ulendo, ndi malodza. Ndinalota madzi akuda dzana, sindinakuuze. Ulendo uno Mulungu waukana. Ndibwezereni kwathu, ndikafere pakhonde panga ndi maso anga omwewa."

A Felesiya, m'malo mondithandiza, anavomereza kuti iwonso diso lakumanzere lakhala likuwaphethira kuyambira m'mawa. Anayamba kumanga mapoto m'chitenje. Ndinafotokoza za masipesa, za madigadi, za kulemera kwa mpunga, koma kwa munthu amene sanaonepo zinthu zimenezi, ndiponso sangazione, mawu anga anali ngati nthano yopeka pofuna kumunyengerera. Ndinachonderera, ndinakalipa, mpaka ndinalira. Amayi anangoti, "Lira, mwana wanga, koma ine sindikwera." Anafufuza ndodo yawo, anaimirira, n'kufunsa a Felesiya kuti kumudzi ndi mbali iti. Mantha amene ndinali nawo nthawi imeneyo sindinakhalepo nawo chibadwire.

Bambo a Yami anabwera ali ndi sipanala yaitali yakuda ndi girisi. Mwini chigayo anawabwereka popanda vuto, anangoti aibweze ndi wakabaza yemweyo chifukwa lamba wa chigayo amamasuka masana alionse. Anaona amayi ataima ndi ndodo, a Felesiya atasenza mtolo, ine maso ali psuu. Ndinawauza mwachidule. Anagwada pa tayala paja, sipanala inalowa, manati anamasuka limodzilimodzi, ndipo chitsulo chija chinagwera m'manja mwawo.

Ndinkaganiza kuti andipatsa ine kuti ndikawaonetse. Koma anadzipukuta m'manja pa buluku, anayenda okha mpaka pamene panali amayi, n'kunjuta pansi chapambali, nkhope atalozetsa kumunda.

"Amayi," anatero.

A Felesiya anatsitsa mtolo. Amayi anatembenuzira khutu kumene kunachokera mawuwo, ngati sakukhulupirira.

"Amayi, pepani ndalankhula nanu, mundikhululukire. Si malodza ayi. Chimene chimalira ndi ichi. Tambasulani manja."

Amayi anazengereza, kenako anapatsira ndodo a Felesiya n'kutambasula manja onse awiri. Anachilandira chitsulocho, anachiyeza kulemera, anazunguliza chala m'mphepete mwake, n'kulowetsa zala m'timaenje tonse, kumagwira bauti iliyonse.

"Jeneti, uwafunse apongozi kuti chimenechi ntchito yake n'chiyani."

Sanadikire kuti ndiwafunse. "Chilibe ntchito, amayi. Ndinachiika ndekha kuti galimoto izioneka bwino anthu akamaiona. Chimakankhira tayala kunja, ndiye tikalemedwa limakhula chitsulo. Pobwera sinalire chifukwa munalibe katundu. Ndikachotsa china mbali inayo, mukamvanso kulira, ndikubwezani kumudzi ndekha, sindidzatchulanso za chipatala."

Amayi anachitembenuza chitsulocho m'manja.

"Ndiye kuti anagula ndi ndalama?"

"Eya, amayi," ndinayankha ine.

"Kuti anthu aziona."

"Eya."

Anapukusa mutu, ndipo ndinaona kukamwa kwawo kukunjenjemera pofuna kubisa kuseka. "Amuna onse ndi amodzi. Bambo ako anagulapo belu lachiwiri la njinga ife tikugona ndi njala. Felesiya, yala mphasayo, ndikhale. Achotse chinacho timve."

Mbali yachiwiri inatenga kanthawi kochepa. Mizere ya pa matayala ija inali isanafike pa mawaya, ndiye anawabwezera omwewo. Wakabaza anatithandiza kukweza matumba, n'kutenga sipanala kubwerera nayo kuchigayo. Amayi anakana kupereka chitsulo chawo. Anati akachiika padenga kuti chizipsinja malata nthawi ya mphepo, chigwireko ntchito pa moyo wake. Anachifungatira pamiyendo ulendo wonse.

Pa bampu yoyamba tonse tinatchera makutu. Galimoto inanyonyomala, inadzuka, osalira. Pa yachiwiri chimodzimodzi. Pa yachitatu, imene inali dzenje lenileni, a Felesiya anagunda mutu kudenga n'kunena kuti diso lija lasiya kuphethira. Ine ndinamva thupi lonse kumasuka, mpaka ndinakumbukira kuti ndili ndi mbatata m'chikwama. Ndinagawira onse, ndipo bambo a Yami ndinkawadyetsa ndi dzanja langa iwo akuyendetsa, ngakhale mkwiyo unali usanatheretu.

Galimoto tsopano inali yotangadza kutsogolo, yopanikiza miyendo kumbuyo, ngati chule. Titafika pa tala, wapolisi wa pamsewu anatiimitsa, anaizungulira kamodzi, n'kusuzumira pawindo. Ataona gogo wa maso oyera atafungatira chitsulo, pambali pake pali thumba la mpunga ndi mayi wina atagwira mbaula, anafunsa kumene tikupita. Titamuuza, anayang'ana dzuwa n'kutikodola kuti tizipita msanga.

Tinalowa pachipata cha chipatala mithunzi itatsala pang'ono kulowa pansi pa mapazi. Pakhonde la odwala maso panali patatsala anthu ochepa, ena atamangidwa kale mabandeji, atakhala mondondozana pabenchi. Namwino anali akusonkhanitsa mabuku a odwala. Ndinathamanga ndi buku la amayi m'manja, chitenje chikumasuka, ndipo iye anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mwachita mwayi, mayi. Bweretsani gogoyo." Ndinakhala pansi pomwepo pasimenti. Amayi analowa atagwira mkono wa namwino, chitsulo chawo atasungitsa a Felesiya ndi malangizo oti asachipereke kwa mwini wake.

Anawachita diso lakumanja madzulo omwewo, lina anati adzachita ulendo wina. Bambo a Yami anabwerera ku Chiringa ndi mpunga wawo, ndipo ndinamva kuti masipesa a kutsogolo anachotsa tsiku lomwelo asanapite ku bawo. Ine ndinagona pamphasa ya a Felesiya, ndikuthokoza mumtima chifukwa cha nkhuni ndi mbaula zimene ndinkaziseka m'mawa. Ndinaganiziranso kuti chimene chinatsala pang'ono kutilepheretsa ulendo ndi ulemu womwewu timaunyadira: wina sangakane mphatso, wina sangafunse mwachindunji, aliyense akuopa kulakwira mnzake, dzuwa likupita. Ulemu ndi wabwino, koma tsiku lina pamafunika munthu woti anjute pansi n'kunena chilungamo ndi pakamwa pake.

M'mawa mwake namwino anabwera kudzamasula bandeji. Anachotsa pang'onopang'ono, anapukuta ndi thonje, n'kuwauza kuti atsegule. Amayi anaphethira kangapo, misozi ikutsika. Anayang'ana zenera, anayang'ana manja awo, anatembenuza zikhatho. Kenako anandipeza ine nditagwada patsogolo pawo. Anandiyang'anitsitsa nthawi yaitali, osandisisita mkono, osafunsa kuti ndine ndani. Anakweza dzanja n'kukankhira duku langa kumbuyo pang'ono.

"Jeneti," anatero, "imvi zimenezi zinayamba liti, mwana wanga?"